A Hosea Oyambira Pamwamba

Ku Mfuwe kuno ukakumana ndi munthu umati mwaswera bwanji, iye n'kuyankha, aliyense n'kupitiriza ulendo wake. Alongo anga a Hosea moni umenewo analibe nawo ntchito. Iwo akakuona, ngakhale uli kutsidya kwa msewu utasenza thumba la makala, ankaimika njinga, phazi limodzi pansi, n'kufunsa kuti, "Nanga mwaimva bwanji?"

Sankafunsa za m'thupi ayi. Ankafunsa za nyimbo imene anakutumizira pa foni dzulo lake, yoimba iwo eni ake, mutu uli m'dilamu.

Ine ndine Tina, mlongo wawo wamng'ono. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndingolemba mmene ndimalankhulira. Tinawaika m'manda chaka chatha nyengo yozizira, koma mpaka lero anthu akandiona pa msika amayamba ndi nkhope yachisoni, "pepani amayi," kenako milomo n'kuyamba kunjenjemera, mapeto ake tonse tikuseka titagwirana mapewa pambali pa tomato wa eni ake. Ndiye ndati bola ndikambe ndekha, poti ndinalipo.

A Hosea ankachapa ndi kusita pa kampu ina ya alendo cha ku Nkwali. Munthu wofatsa, mowa ayi, fodya ayi, imvi zitayamba kale m'mbalimu. Ndiye pa kampupo panabwera makaniko wokonza magalimoto oonera nyama, munthu wosagwira sipanala popanda nyimbo. Nyimbo zake zinali zija amati roko, za azungu atsitsi lofika m'mapewa, magitala akulira ngati chigayo chameza mwala. Antchito onse ankadandaula mutu. A Hosea anangoima kukamwa yasa, simbi ili pa nsalu ya pilo, mpaka utsi ndiwo unawadzutsa.

Madzulo ake anafikira kwanga asanapite n'kwawo komwe.

"Tina, ndapeza nyimbo zanga. Zaka zonsezi ndakhala ndikuimba za eni ake."

"Nanga izi ndiye zanu, achimwene?"

"Ndi zanga. Zinangobadwira kutali."

Mwana wawo Purity, amene amakhala ku Chipata, ndiye anawonjezera moto. Anawatumizira foni yachiwiri ataikamo nyimbo zomwezo koma zochotsa mawu, magitala ndi ng'oma zokhazokha. Ndiye foni imodzi inkaliza, inayo inkajambula, a Hosea pakati. Chizungu chawo chinali cha kochapira, gudumoningi ndi thenkyu. Mawu a nyimbo ankangowatola ndi khutu, ndipo pamene pawavuta ankathirapo "yeee" wamtali, ati azunguwonso amatero akaiwala.

Anayesa kujambulira m'chipinda, anati mawu akumveka ngati munthu woitana mbuzi. Anayesa kubafa, atambala a oyandikana nawo analowerera. Tsiku lina akusuzumira m'dilamu la madzi anatsokomola, n'kumva chifuwa chawo chikubwerera chili chachikulu ngati cha mkango. Basi, situdiyo yapezeka.

Koma dilamulo linali la akazi awo, alamu anga a Esnati, losungiramo madzi ochokera ku mjigo, ndipo mjigo wathu suli pafupi. A Esnati pobwera ku dimba anapeza dilamu litagona pa njerwa ziwiri, m'kati muli amuna awo mpaka m'chiuno. Panja panatsala matako ndi miyendo, mwendo wakumanja ukupondaponda fumbi.

Anagogoda dilamu ndi mpini wa khasu.

"Atate ake Purity, madzi anga ali kuti?"

Mawu anatuluka m'katimo ngati a mzukwa. "Ali bwino onse, Amake Purity. Ena ali m'mapoto, ena m'beseni, ena m'ketulo. Palibe amene wavulala."

Apa muyenera kuwadziwa a Esnati. Makolo awo anatsika kuchokera kumtunda kudzalima thonje, ndipo iwo anakulira m'kwaya. Pa tchalitchi chathu ndi iwo oyambitsa nyimbo. Akatsegula pakamwa ngakhale makanda amasiya kulira. Koma ndi munthu woti bodza silikwera pa lilime lawo. Anafunsidwapo pa ukwati ngati diresi la mkwatibwi lakhala bwino, iwo n'kuyankha kuti nsalu yake njabwino.

Ndiye a Hosea akatuluka m'dilamu, thukuta kamukamu, dzimbiri pa chipumi, oyamba kuimva nyimboyo anali a Esnati. Ankawagwirira foni pa khutu uku iwo akusadzula ndiwo. A Esnati ankamvera, nyimbo ikatha n'kupukuta manja pa chitenje.

"Mwayambira pamwamba."

"Roko ndi mmene imakhalira."

"Kaya. Koma mwayambira pamwamba."

Ndipo sankanama. Nyimbo zimenezi zimayamba pansipansi, munthu akung'ung'udza ngati wadwala dzino, kenako pakati n'kukwera phiri. A Hosea zapansizo ankaziona ngati kutaya nthawi. Iwo ankayambira pamwamba pa phiri. Ndiye ikafika pokwera, kokwera kunalibe. Chimene chinkatuluka pamenepo agalu a mudzi wonse ankachiyankha, ndipo nkhuku zoumatira mazira zinkatuluka kukaona.

Ndikuuzeni zoona. Zonse zimene ankachita alongo anga, kuimika anthu m'misewu, kuvutitsa mafoni a eni ake, chimene ankasaka chinali chimodzi chabe: kuti tsiku lina a Esnati anene kuti mwaimba bwino. Poti kunyumba sankachipeza, ankakachifuna panja, kuti mwina anthu akachuluka a Esnati adzachita manyazi.

Anatsegula gulu pa Watsapu. Sankapempha munthu. Akangopeza nambala yako, walowa. Munali abale, a kwaya, anzawo a ku kampu, mayi wogulitsa nsomba, mpaka namwino amene anawabayapo jakisoni kamodzi. Maxwell, woyendetsa minibasi ya ku Chipata, anayesa kutulukamo mwakachetechete. Kutacha anapeza a Hosea ataima pa chitseko cha minibasi.

"Maxwell mwana wanga, foni yako yakutulutsa m'gulu. Mafoni a masiku ano sadalirika. Bweretsa ndikukonzere."

Atamubwezeramo anakwera minibasiyo, ati akukaona Purity, n'kupempha kuti nyimbo yawo ilizidwe kuti amve maganizo a anthu osawadziwa. Itafika pokwera paja, mayi wina wachikulire kumbuyo anagwira mpando n'kuyamba kupemphera mokweza. Bambo wina anati dalaivala aime, pansi pa galimoto pakodwa mbuzi. A Hosea anatembenuka n'kufunsa mayi uja kuti waimva bwanji.

"Mwana wanga, woimbayo anapulumuka?"

"Ali moyo, amayi. Ndi ine."

"Ambuye alemekezeke," anatero mayiyo, n'kuwapatsa nthochi.

M'gulumo anthu anaphunzira njira. Nyimbo ikafika, umadina kachithunzi ka chala choloza kumwamba, wathana nazo. Ena ofuna kuoneka abwino ankaika kamoto. A Hosea ankawerenga zala zija madzulo ngati mlimi wowerenga mbuzi zake, n'kukazionetsa kwa a Esnati. Koma tsiku lina anayamba kukayika. Boyd, mnyamata wa golosale wa pafupi ndi kwathu, anatumiza chala nyimbo itangochoka kumene.

"Tina, nyimbo yaitali ngati ulaliki, chala cha Boyd chafika ndisanapukute n'thukuta lomwe. Anaimvera nthawi yanji?"

Anatchera msampha. Mu nyimbo yotsatira, pakati penipeni pamene magitala amalira okha, anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Amene wafika pano abwere kwathu adzatenge tambala wofiira uja. Waulere." Anatumiza. Zala zinagwa ngati mvula. Timoto mbwee. A Hosea anamangirira tambala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo, n'kukhala pa mpando pambali pake. Wodutsa akafunsa ngati tambalayo ngwogulitsa, ankayankha kuti, "Ngwa munthu wa makutu. Pitirirani."

Sabata inatha, tambala akungonenepa. Lamulungu pochokera ku tchalitchi a Hosea anachedwa m'njira, akufunsa anthu mafunso awo aja. Pofika pakhomo anapeza chingwe chokha, fungo la anyezi likuchokera kukhitchini.

"Amake Purity, tambala?"

"Munati amene wafika pamenepo atenge. Ndinafika."

"Munaimvera yonse?"

"Ndimazimvera zonse mpaka kumapeto, Atate ake Purity. Sambani m'manja." Anawaikira ntchafu m'mbale. "Nayonso munayambira pamwamba."

Tsiku lotsatira anabwera kudzandiuza, ati ndiwo zinali zokoma koma zinkaima pakhosi. Kenako anamwetulira ngati mnyamata wofunsira mbeta. "Koma wamva, Tina? Amamvera zonse."

Tsopano za njovu. Inu akutali mwina simudziwa. Kuno mango akapsa, eni ake enieni ndi njovu. Zimawoloka mtsinje wa Luangwa n'kulowa m'midzi ngati zabwera kwa apongozi. Timamenya zitini, timawotcha tsabola wosakaniza ndi ndowe, zina zimathawa, zina zimangokuyang'ana n'kupitiriza kutafuna.

Chaka chimenecho, mango atangoyamba kufiira, zinthu zinasintha m'gulu la a Hosea. Anthu anayamba kupempha okha nyimbo.

"A Hosea, tumizaninso ija yokuwa motalika."

"Amalume, mulibe ina yokuwa kuposa pamenepa?"

Anthu a ku Msoro, oti sanawaonepo n'komwe, ankapempha kulowetsedwa m'gulu. A Hosea anasiya kuponda pansi. Anakagula jekete lachikopa ku salaula, kogulitsa zovala zakale, ndi magalasi akuda, n'kumavala m'dzuwa la Okutobala, dzuwa loti dzira lipsa pa mchenga. Thukuta linkatsikira m'nsapato, koma jekete osavula.

"Ku Msoro andidziwa," ankatero akuzungulira pamaso pa a Esnati. "M'nyumba mwanga mokha muno ndi mmene mulibe makutu."

A Esnati ankadziwa chimene chikuchitika. Tonse tinkadziwa. Palibe amene anali ndi mtima wowauza.

Tsiku lina dzuwa likupendeka, akuchokera ku ntchito pa njinga, anamva mawu awo omwe akuchokera kuseri kwa golosale ya Boyd, okweza ngati pa msonkhano. Anatsamiritsa njinga, anakonza kolala ya jekete, anavala magalasi, n'kuzungulira pang'onopang'ono kuti anthu ovinawo awadzidzimukire.

Ovina panalibe. Sipika ya Boyd inali itamangidwa pa nthambi ya mango, italoza kuthengo. Amayi ndi ana anali atabisala kuseri kwa khoma. Chapatali njovu ziwiri zinali kuthawa michira ili m'mwamba, yachitatu yaikulu itaima, makutu tambasu.

"Kwezani, kwezani," ankatero Boyd kwa mkazi wake amene anagwira foni. "Ifike pokuwa paja. Yaikuluyo ikadaganiza."

Inafika pokuwa. Njovu inapukusa mutu, inatembenuka, n'kulowa m'thengo ikuthyola mitengo. Anthu anaomba m'manja. Pamenepo ndi pamene Boyd anacheuka.

"Amalume." Anayesa kumwetulira. "Mwaswera bwanji?"

A Hosea anavula magalasi n'kuwaika m'thumba.

"Ndaswera bwino, kaya iwe."

Anakatenga njinga yawo, osaikwera, n'kumaikankha mpaka kwawo.

Masiku otsatirawo anali oopsa. Jekete linapachikidwa pa msomali. Dilamu linaimirira, lodzaza madzi mpaka pakamwa. M'gulu munali zii. A Hosea ankapereka moni wa anthu onse, mwadzuka bwanji, mwaswera bwanji, ndipo aliyense wopatsidwa moniwo ankachoka ngati watukwanidwa. Ine zinandikanika kupirira. Ndinapita kwa a Esnati.

"Alamu, ingowanamizaniko kamodzi. Nenani kuti amaimba bwino. Mulungu amvetsa."

A Esnati anapukusa mutu.

"Alamu, ndikawanamiza lero, tsiku limene adzaimbe bwino ndidzawauza chiyani?"

Ananyamuka, anatenga chidebe, n'kuyamba kutunga madzi m'dilamu. Anadzaza mapoto, beseni, ketulo, mpaka mbale zodyera. Anagoneka dilamu pa njerwa zake okha, anakana kuti ndiwathandize. A Hosea pobwera ku ntchito anaima pakati pa bwalo, akuyang'ana dilamu, akuyang'ana mapoto ali ndandanda pakhonde.

"Amake Purity, madzi?"

"Ali bwino onse. Palibe amene wavulala."

M'mawa mwake a Hosea anali pa golosale, jekete lili pathupi. Boyd anafuna kubisala kuseri kwa matumba a shuga.

"Tuluka. Ndikufunse. Zinathawira pati? Poyamba kapena pokwera?"

"Pokwera, amalume."

"Zonse?"

"Zazing'ono zinathawa poyambirira pomwe. Yaikulu inadikira mpaka yeee wachiwiri."

A Hosea anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva nkhani yofunika.

"Imeneyo ndiye ili ndi makutu. Inu nonse mumangodina chala. Njovu imamvera mpaka pakati n'kupereka maganizo ake."

Kuyambira pamenepo gulu linadzuka kuposa kale, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu ankanena zoona. "A Hosea, yatsopanoyi njofooka, zinangopitiriza kudya." "Ija ya Lachisanu njabwino, ngakhale anyani anasamuka." A Hosea ankamvera zonse mofatsa, n'kubwerera m'dilamu kukakonza. Chaka chimenecho tinadya mango mpaka ana anatuluka zilonda m'milomo. Koma madzulo alionse foni inkapitabe pa khutu la a Esnati, manja ankapukutidwabe pa chitenje, ndipo yankho linali lomwe lija.

Chifuwa chinawayamba a Hosea nthawi ya mvula. Poyamba tinkawaseka kuti ndi dzimbiri la m'dilamu. Kenako tinasiya kuseka. Anakagona ku chipatala ku Chipata, n'kubwerako atatha, jekete lija likanatha kuwazungulira kawiri. Kulowa m'dilamu kunali kosatheka. Ankangolisisita podutsa ngati munthu wosisita ng'ombe yake.

M'mawa wina tinawatulutsa kuti aothere dzuwa pa mphasa pansi pa mango. Anaitanitsa mafoni onse awiri. Manja analibe mphamvu, ndiye foni yojambulayo anaigwira a Esnati, atagwada pambali pawo. Magitala anayamba.

Mpweya woyambira pamwamba analibe. Anayambira pansi, pansi penipeni, ngati munthu akulankhula ndi mwana wogona. Ine sindinkadziwa kuti alongo anga ali ndi mawu otero. Nyimbo inayenda, inayenda, n'kufika pokwera paja. Anakwera pang'onopang'ono, ngati nkhalamba ikukwera gombe la Luangwa itagwira mizu, ndipo anafika. Palibe galu amene anauwa.

Nyimbo itatha a Hosea ankapuma movutikira. Kenako, osayang'ana munthu, anafunsa ndi timawu tochepa.

"Nanga mwaimva bwanji?"

A Esnati anaika foni pansi. Anapukuta manja pa chitenje, manja oti anali ouma kale.

"Mwaimba bwino, a Hosea."

Zaka zonse zimene anakhala m'banja, ine ndinali ndisanamvepo akuwatchula dzina. A Hosea anatseka maso. Ndinkayesa agona. Kenako diso limodzi linatseguka.

"Tina, wamva? Ukhale mboni."

"Ndamva, achimwene."

"Koma iyi si roko. Ndi chifuwa chabe. Ndikachira ndibwerera pamwamba."

"Mukachira mubwerere," anatero a Esnati.

Nyimboyo ndinaitumiza ndine m'gulu. Sipanabwere chala ngakhale chimodzi. Anthu anabwera okha ndi miyendo. Maxwell anaimika minibasi pakhomo, okwera ali momwemo, n'kutsika ndi tambala m'khwapa.

"Amalume, ndafika mpaka kumapeto."

"Wachedwa, mwana wanga," anatero a Hosea. "Koma tambalayo musiye."

Sanachire. Anatisiya kuzizira kuli pakati.

Msewu wa ku Mfuwe tsopano umayendeka msanga. Ukapita ku msika umafika nthawi yabwino, palibe wokuimika, thumba la makala umafika nalo khosi lisanawawe. Foni ikalira umadziwa kuti ndi uthenga wa maliro kapena wa mpingo. Gulu lija likadalipo. Tsopano khomo ndi lotsegula, aliyense angathe kutuluka, koma palibe amene watuluka.

Mango atapsanso, nyimbo zakale zija zinabwerera m'mitengo. Dzuwa likamalowa umamva alongo ako akukuwa pa golosale ya Boyd, akukuwa kuseri kwa tchalitchi, akukuwa kumadimba, agalu akuwayankha. Umaseka, kenako umapeza kuti chitenje chanyowa.

Tsiku lina madzulo ndinali kwa a Esnati pamene njovu zinatulukira kuseri kwa khola, zitatu, yaikulu ili patsogolo. Tinathawira m'nyumba. A Esnati ali ndi kasipika kamene anawagulira Purity. Anakaika pa zenera.

"Ikani ija yokuwa motalika, alamu. Fulumirani."

Anadina. Inatuluka ija yomaliza, yoyambira pansi. Njovu yaikulu inatukula makutu, inaima pang'ono, kenako inatambasula chitamba n'kugwedeza nthambi. Mango anagwa ngati matalala.

"Alamu, iyi siithamangitsa."

"Ndikudziwa."

"Mango atha."

A Esnati anatsamira pa zenera, chibwano chili pa mkono.

"Zisiyeni, alamu. Zimve mpaka kumapeto."

Zinamva mpaka kumapeto, ndipo a Esnati anaibwerezanso. Chaka chimenecho pakhomo pa a Hosea sipanadyedwe mango. Dilamu likadali chigonere pa njerwa zake ziwiri, ndipo madzi a Esnati amasunga m'mapoto.